Musanagule pikapu yakale ya 4x4, yambani mwagona pansi pake

Alimi anzanga, nyengo yogulitsa nandolo ikafika ndipo ndalama zagwirako m'thumba, nkhani yogula galimoto imamveka kwambiri m'misika ya kuno ku Chiradzulu. Pa Mbulumbuzi, pa Namitambo, pa Thumbwe ngakhale pa Milepa simulephera kupeza munthu akufunsa ngati pali amene akugulitsa pikapu yakale, ndipo ambiri amawonjezera kuti ikhale ya 4x4, ija imakoka ndi matayala onse anayi. Sabata ino ndati tikambirane za galimoto imeneyi chifukwa ndalama zimene zimalowa pamenepa si za chaka chimodzi. Ena amagulitsa ng'ombe, ena amakongola ku banki, ena amatsanulirapo penshoni yonse. Ikapezeka yabwino imamukweza munthu. Ikapezeka yowola imathera pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Ine ndakhala ndikuyendetsa pikapu ya dizilo ya mtundu umenewu kwa zaka zingapo, kututira matimati, kabichi ndi madeya, choncho zimene ndinene pano ndi zimene ndimauza mnansi aliyense akabwera kudzafunsa nzeru.

Funso loyamba ndi la msewu wa kumunda kwanu, za mtundu wa galimoto zibwera pambuyo. Boma lathuli ndi laling'ono ndipo lili pakhomo pa Limbe ndi Blantyre. Msewu wa tala wopita ku Zomba umadutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi. Wa Midima wopita ku Mulanje umadutsa chakumwera, pa mphambano ya ku Nguludi. Ndiye pali uja wodzera pa boma ndi pa Milepa kulowera ku Phalombe ndi Chiringa. Mlimi amene dimba lake lili kufupi ndi umodzi mwa misewu imeneyi ndimamuuza mosapsatira mawu kuti kugula 4x4 ndi kutaya ndalama. Pikapu wamba yokoka ndi matayala am'mbuyo okha, ikasenza katundu ndiponso ikakhala ndi matayala a mano abwino, imafika malo ambiri kuposa m'mene anthu amaganizira. Ndipo ngati ntchito yanu yaikulu ndi kututa matumba, kalole ka matani awiri monga Canter, Dyna kapena Elf kamanyamula kawiri zimene pikapu ingathe.

Koma alipo alimi ena amene kwa iwo 4x4 si ya chionetsero ayi. Ndikunena a m'mphepete mwa mapiri, kumene katondo akanyowa amaterera ngati therere, ndi a kuchigwa cha ku Milepa kumene makande amamata tayala mpaka kuoneka ngati mbiya. Kumeneko kuyambira Disembala mpaka Malichi galimoto wamba imathera pa tala. Tsono miyezi yomweyo ndi imene matimati amasowa pa msika wa Limbe ndipo mtengo wake umakwera, kaamba koti mvula imabweretsa chiwawu ndipo ndi alimi ochepa okha amene amapirira kupopera mankhwala sabata ndi sabata. Amene wathyola madengu ake mu Febuluwale n'kuwatulutsa m'munda tsiku lomwelo ndiye amadya bwino. Amene alibe njira amagulitsa kwa mavenda pa mtengo umene mavendawo anena, apo ayi amangoonerera zikuwola. Apa ndi pamene 4x4 imabweza ndalama zake, miyezi itatu kapena inayi pa chaka, kuphatikizapo masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi pamene zitunda zimaterera. Miyezi ina yonseyo mumangoyenda ndi zitsulo zolemera zimene zikumwa dizilo koma osagwira ntchito.

Alimi a ng'ombe za mkaka, amene ndi ambiri m'boma muno m'magulu a bungwe la SHMPA, nawonso amafunsa. Mkaka paokha sufuna pikapu, njinga imaufikitsa bwinobwino kumalo oziziritsira. Chofuna galimoto ndi madeya, nsenjere, mapesi ndi manyowa, ndipo zambiri mwa izi mutha kututiratu chilimwe msewu uli wouma.

Kwa amene sanayendetsepo, ndilongosole pang'ono m'mene 4x4 imagwirira ntchito, chifukwa simungayese chinthu chimene simukuchidziwa. Pikapu zakalezi zimakhala ndi kandodo kachiwiri pambali pa ndodo ya magiya, kolembedwa 2H, 4H ndi 4L. Pa 2H injini imakoka matayala am'mbuyo okha, ndipo umu ndi m'mene muyenera kuyendera pa tala ndi pa msewu wouma. Pa 4H mphamvu imapitanso kutsogolo. Pa 4L imapita konsekonse koma liwiro limatsika kwambiri, galimoto n'kumakwawa ngati thalakitala, ndipo apa ndi pokwerera chitunda mutasenza matumba kapena potsikira malo oterera osadalira buleki. Zambiri zilinso ndi mahabu pakati pa matayala akutsogolo, otembenuza ndi dzanja kuchoka pa FREE kupita pa LOCK. Mukapanda kutseka mahabu, ngakhale mukankhe kandodo kaja, matayala akutsogolo sakoka. Chinanso, musayende pa tala muli pa 4H kapena 4L. Pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa am'mbuyo. Pa dothi tayala limaserereka pang'ono n'kupumitsa zitsulo, koma pa tala palibe poserereka, choncho mashafuti amapotana mpaka china chimathyoka.

Musaganizenso kuti 4x4 sititimira. Difu, chibokosi chija chili pakati pa matayala awiri, imatumiza mphamvu ku tayala limene likuzungulira mosavuta. Tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lam'mbuyo akalowa m'thope lofewa, awiriwo amangozungulira pamalo amodzi, enawo ali chete. Ndi galimoto zochepa chabe zakale zimene zili ndi loko ya difu. Ndaonapo 4x4 itakhala pa mimba m'makande kwa masiku awiri, anyamata a m'mudzi akulipiritsa pa khasu lililonse.

Tsopano masamu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo masipeyala onse a galimoto ndi ochokera kunja, choncho mtengo umene ndingalembe lero ukhala wabodza posachedwa. N'chifukwa chake ine ndimawerengera mu malita a dizilo. Tiyerekeze kuti kuchokera kumunda kwanu kukafika ku Limbe ndi kubwerera ndi makilomita 80. Pikapu ya injini ya malita 2.5 mpaka 3.0, ikakhala yathanzi, imayenda makilomita 9 kapena 10 pa lita, ndiye kuti ulendowo ndi malita 8 kapena 9. Pa ndalama ya dizilo imeneyo ine ndimawonjezerapo ina yofanana nayo, ya matayala, oyilo, mafiluta, mabuleki ndi makaniko. Pamwamba pake palinso inshuwalansi ndi COF zimene mumalipira kaya galimoto yayenda kaya yagona. Mukatero funsani amene amachita hayala kwanuko kuti ulendo womwewo amalipiritsa zingati, muwerenge maulendo amene munafunadi chaka chatha, osati amene mukulota chaka chamawa. Ngati maulendowo ndi owerengeka pa zala, pitirizani kuchita hayala, ndalamayo mugule ng'ombe ina kapena pampu yothirira.

Kumbukiraninso kuti pikapu ya zitseko ziwiri inapangidwa kuti izisenza pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo dalaivala ndi anyamata okweza katundu amawerengedwa m'menemo. Ya zitseko zinayi imanyamula zochepa ndipo bodi yake ndi yaifupi. Imakoma popita ku ukwati, koma kwa mlimi ya zitseko ziwiri ndiye yeniyeni, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wotsikirako chifukwa a m'tauni saifuna.

Nanga mtundu wanji? Yankho langa ndi lakuti gulani imene makaniko wa pa msika wanu amaidziwa ndiponso imene masipeyala ake ali m'mashopu a ku Limbe ndi kwa ophwasula galimoto ku Ndirande. Pa chifukwa chimenechi Toyota Hilux ndiye imatsogola. Zija zinatuluka kuyambira 1988 mpaka cha m'ma 1997 zokhala ndi injini ya 3L ya malita 2.8, ndi zotsatira zake za injini ya 5L ya malita 3.0, zilibe liwiro ndipo pa chitunda zimakwera ngati nkhalamba, koma pampu yake ndi yosavuta kukonza ndipo zilibe turbo. Kuipa kwake n'kwakuti aliyense amazifuna, ndiye ogulitsa amatchula mtengo wa dzina. Toyota Land Cruiser ya pikapu ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, imene inayamba mu 1990, ndi yolimba kuposa zonse, n'chifukwa chake zipatala ndi mabungwe amaikonda. Koma imayenda makilomita 7 kapena 8 okha pa lita, matayala ake ndi okwera mtengo, ndipo kwa mlimi wa maekala awiri kapena atatu ndi chimodzimodzi kulimira ng'ombe pa kadimba ka mpiru.

Nissan Hardbody ya injini ya TD27 ili ndi ubwino umodzi waukulu, wakuti m'kati mwake mulibe lamba wa taiming'i, imayendera magiya achitsulo. Isuzu KB ya malita 2.5 kapena 2.8 imadziwika ndi kusamwa dizilo wambiri. Mitsubishi L200 ya injini ya 4D56 imapezeka motsika mtengo, koma siikhululuka mukaitenthetsa kapena mukachedwa kusintha malamba ake. Land Rover, imene akuluakulu amaikumbukira ndi apolisi ndi ansembe a ku mishoni, m'matope ilibe mnzake, koma Defender yachikale ija anasiya kupanga mu 2016 ndipo amakaniko oidziwa bwino akuchepa. Bodi yake ndi ya aluminiyamu yosachita dzimbiri, ndiye imaoneka yanyowani pamwamba pamene chesisi yachitsulo yadyeka pansi.

Za injini zatsopanoko, monga D-4D ya mu Hilux zimene zinayamba kutuluka mu 2005, ndinenepo mawu amodzi. Zili ndi mphamvu ndipo zimamwa pang'ono, koma zimayendera kompyuta ndi mainjekita osafuna ngakhale kadontho ka madzi kapena parafini. Tonse tikukumbukira kusowa kwa mafuta kwa mu 2011 ndi 2012 ndiponso kwa kuyambira 2022, pamene anthu ankagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Injini yakale imatsokomola n'kupitirira. Yatsopanoyo ikamwa dizilo woipa, mtengo wa mainjekita anayi ungathe kumeza phindu la dimba lonse.

Pofika tsiku lokaona galimoto, pitani masana, tengani makaniko wanu osati wa wogulitsa, tochi, kanyundo ndi chiguduli choyala pansi. Penti musaiyang'ane n'komwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo penti ndi chinthu chotsika mtengo kwambiri pa zonse zimene wogulitsa angachite. Makilomita olembedwa pa mita nawonso musawakhulupirire, amabwezedwa. Gonani pansi pa galimotoyo.

Choyamba ndi chesisi, zitsulo ziwiri zazitali zimene zasenza zonse. Injini ikafa imasinthidwa, koma chesisi ikathyoka kapena kupindika, galimoto yatha. Itsatireni ndi tochi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pakati pa kebu ndi bodi, pamene masipuling'i amangiriridwa, ndi pamene pali bokosi la chiwongolero. Mukaona powotcherera, chigamba chachitsulo, kapena phula wakuda wopaka chatsopano pa malo amodzi okha, funsani kuti pabisika chiyani. Gogodani ndi kanyundo. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimayankha mogonthera ndipo chimayoyoka. Kuno kwathu dzimbiri lambiri limachokera ku feteleza wotayikira, ndowe ndi mkodzo wa ziweto, ndi madzi a nsomba, choncho kwezani mphira kapena matabwa a m'bodi muone pansi pake. Galimoto zochokera ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu, zimadyeka kuyambira m'kati mwa chesisi. Mukadzuka, imani chapatali muyang'ane mpata wa pakati pa kebu ndi bodi. Ukakhala wopapatiza pamwamba koma wotakasuka pansi, galimotoyo inathyoka msana ndi katundu.

Werenganinso masamba a masipuling'i am'mbuyo. Mukapeza owonjezera, amitundu yosiyanasiyana, dziwani kuti galimotoyo inkatuta mchenga, njerwa, kwale kapena matola, ndipo difu ndi mabering'i ake atopa ngakhale wogulitsa alumbire kuti inali yopitira ku tchalitchi kokha.

Mukadali pansi pomwepo yang'anani ngati shafuti yopita kutsogolo ilipo. Musaseke, zimachitika. Difu yakutsogolo ikawonongeka ena amangochotsa shafutiyo n'kumayenda, ndipo pogulitsa amatchula mtengo wa 4x4 poti pa chitseko palembedwa choncho. Gwedezani mashafuti onse awiri ndi dzanja, asachite khwekhwerekhwe. Onani mphira zokuta majointi a matayala akutsogolo, zikang'ambika girisi amatuluka mchenga n'kulowa. Pa galimoto zija za ekiselo yachitsulo chimodzi kutsogolo, monga Land Cruiser ndi Hilux zakale, onani zibulumwa za m'mbali mwa matayala ngati sizikuchucha phala lakuda la oyilo ndi girisi. Kenaka uzani makaniko amasule boluti ya difu iliyonse ndi ya bokosi la 4x4, apisemo chala. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Ichi ndi chofunika kwambiri chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anasakaza boma lathu lino pamodzi ndi Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Galimoto zina zimene zinamira nthawi imeneyo zinatsukidwa n'kubwerera pa msika. Kwezani kapeti, pisani dzanja kuseri kwa dashibodi ndi pansi pa mipando, matope ouma sabisala konse.

Injini muipeze yozizira. Gwirizanani ndi wogulitsa kuti asailize musanafike, ndipo mukafika igwireni ndi dzanja. Mukaipeza yotentha, bwererani tsiku lina m'mawa. Ya dizilo yathanzi, mahita akayaka n'kuzima, imalira kamodzi. Utsi wakuda pang'ono poponda mafuta si woopsa, kawirikawiri ndi filuta ya mpweya kapena mainjekita ofuna kukonza. Utsi wobiriwira mwa mtambo ndi oyilo akupsa, kutanthauza kuti maring'i atha kapena turbo yatopa. Utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha, pamodzi ndi madzi ochepa mu rediyeta, ndi chizindikiro cha gasiketi kapena mutu wa injini wong'aluka. Injini ikulira, masulani chotsekera pothirira oyilo muchisiye pomwepo osamanga. Chikamavina pang'ono palibe kanthu, koma chikamakankhidwa ndi utsi wotuluka ngati wa sitima, konzekerani kuphwasula injini yonse. Injini isanatenthe tsegulaninso rediyeta muone ngati madzi sakutulutsa thovu losalekeza kapena kuyandama oyilo. Musatsegule itatentha, imawotcha nkhope.

Kutentha ndiye mdani wamkulu wa injini zonse ndatchulazi. Amakaniko ena galimoto ikayamba kutentha amachotsa themositati n'kunena kuti dziko lathu ndi lotentha kale. Kumeneko ndi kubisa matenda. Funsani ngati ilimo, ndipo poyesa galimoto diso lanu lisachoke pa muvi wa kutentha.

Kuyesa kwake kusakhale kozungulira pa msika. Kwezanimo matumba khumi kapena anthu angapo, mupite pa msewu wa dothi wokhala ndi chitunda, poti zitunda kuno sizisowa. Tsekani mahabu, lowetsani 4H kenaka 4L, mumve ngati ikukokadi ndi kutsogolo. Potsika chotsani phazi pa mafuta muone ngati kandodo sikakubwerera kokha. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mukuyenda pang'onopang'ono, mukamva kuti kha kha kha kutsogolo, majointi atha. Mukabwerera pa tala muli pa 2H, ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa n'kuponda mafuta onse. Injini ikakuwa koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yapita. Kulira kwa mluzu kochokera kumbuyo kumene kumasintha mukaponda ndi kusiya mafuta ndi difu. Yesani handibuleki pa chitunda mutasenza. Onaninso kuti matayala onse anayi ndi a saizi imodzi, chifukwa pa 4x4 matayala osiyana amapotanitsa mashafuti monga tala uja.

Mbiri ya galimoto imathandiza kudziwa poyang'anitsitsa. Za pa okushoni ya boma ndi mabungwe nthawi zambiri zinkasinthidwa oyilo pa nthawi yake zili zatsopano, koma zinayendetsedwa ndi madalaivala ambiri m'misewu yoipa, ndipo zikaima nthawi yaitali podikira okushoni zina zimasololedwa ziwalo. Za ku maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje sizikhala ndi makilomita ambiri, koma moyo wake wonse zinali m'matope ndi feteleza. Zochokera ku South Africa, kumene Hilux amazipangira ku Durban, masipeyala ake savuta, koma pa zimenezi ndi pamene muyenera kusamala kwambiri ndi mapepala.

Pa mapepala ndi pamene anthu ambiri alirira. Nambala ya chesisi inadindidwa pa chitsulo penipeni, kawirikawiri pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndipo nambala ya injini ili pa injini. Pukutani nokha muwerenge chilembo chimodzichimodzi poyerekeza ndi bulubuku. Malowo akaoneka opalidwa, owotchereredwa, kapena zilembo zosalingana, chokanipo ngakhale mtengo ukome chotani, chifukwa galimoto yakuba apolisi akaigwira imapita ndipo ndalama zanu sizibwera. Ngati injini inasinthidwa, bulubuku ionetse zimenezo. Dzina la pa bulubuku likhale la amene akugulitsa. Nkhani zoti mwini wake ali ku Joni koma anandisiyira, kapena ndi ya malemu achimwene, zimafuna kalata zomveka za boma ndi za abale, osati pakamwa. Kuyambira 2015 ofesi ya Road Traffic inayamba kugwiritsa ntchito makina a MalTIS amene amasunga dzina ndi zidindo za zala za mwini galimoto, choncho njira yabwino ndi kupita nonse awiri ku ofesi yawo ku Blantyre kukasintha umwini, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe kumeneko. Adobadoba amene amakuthamangirani pa geti musawapatse mapepala anu, lowani nokha.

Pali misampha inanso iwiri. Galimoto zina zinalowa m'dziko muno osalipira msonkho chifukwa zinali za mabungwe, mipingo kapena anthu ena amene lamulo limawalola kutero. Yotere ikamagulitsidwa kwa munthu wamba, a MRA amayenera kuuzidwa ndipo msonkho wotsala umayenera kulipidwa, apo ayi adzaufuna kwa amene wapezeka nayo. Pitani ku MRA mukafunse ndi nambala ya chesisi. Msampha wachiwiri ndi ngongole. Galimoto itha kukhala chikole ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama, ndipo boma lili ndi kaundula wa katundu wachikole amene mungafufuzemo. Safunsa anadya phula. Zonse zikalongosoka lemberanani kalata yogulitsana yokhala ndi manambala onse awiri, mtengo, tsiku ndi mboni za mbali zonse.

Ndinenepo za Loweruka ndi Lamulungu, popeza achinyamata ena amene amagwira ntchito m'tauni koma akulima kumudzi amafuna galimoto imodzi yogwira zonse, ntchito pakati pa sabata ndi kukasangalala pothera pake. Malo alipo. Ena amakwera phiri la Zomba mpaka ku Chingwe's Hole, ena amatsikira ku Kachulu ku nyanja ya Chilwa n'kubwerako ndi nsomba. Palibe choipa, ndipo nkwabwino ndithu kuti 4x4 izilowetsedwa kawirikawiri kuti oyilo azungulire kutsogoloko. Chimene sindigwirizana nacho ndi kupikisana pa matope ndi kudumphitsa galimoto m'miyala pofuna kuonetsa anzanu. Amene amachita zimenezo m'mafilimu ali ndi galimoto ina yopitira ku ntchito. Inu jointi ikathyoka Lamulungu, madengu a Lolemba awolera pa khonde. Ndipo mtsinje wosefukira musauyese. Injini ya dizilo ikakoka madzi ngakhale kapu imodzi kudzera polowera mpweya, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Ngati simungawoloke ndi miyendo madzi osapitirira m'mawondo, galimoto nayo idikire. Mukawoloka madzi ofika pa madifu, mawa lake yang'anani oyilo wa m'menemo.

Kunena zoona, Loweruka ndi Lamulungu la mlimi wa kumudzi limadyedwa ndi zina. Tsiku limene pikapu yafika pakhomo panu ndiye kuti mudzi wapeza ambulasi, galimoto ya maliro ndi ya timu ya mpira. Kukana kunyamula wodwala kupita ku chipatala cha boma kapena ku Nguludi usiku sikutheka, ndipo munthu wotero sangakhale bwino ndi anzake. Koma kambiranani ndi a mfumu ndi a komiti ya maliro poyamba pomwe kuti dizilo azisonkha ndani, zisanafike pokhumudwitsana. Za matola ndiye ayi. Inshuwalansi yanu ndi ya galimoto ya katundu, ndipo ngozi ikachitika muli ndi anthu olipira kumbuyo, mlandu wonse udzakhala pamutu panu.

Pa ndalama zimene mwakonza, musapereke zonse kwa wogulitsa. Ine ndimati pa magawo asanu gawo limodzi litsale m'thumba, chifukwa sabata yoyamba galimotoyo ipite ku galaja kaya ikuyenda bwino chotani. Ngati injini yake ndi ya lamba wa taiming'i, monga 3L, 5L, 1HZ ndi 4D56, sinthani lambayo nthawi yomweyo osamvera zoti anasintha chaka chatha. Pa Toyota zakalezi amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka galimoto ikuyenda mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Gulani lamba weniweni ngakhale adule, uyu si wogula pa benchi. Sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa bokosi la 4x4 ndi wa madifu onse awiri, mafiluta onse, tsukitsani rediyeta, ndipo lembani makilomita a tsikulo m'kope limene lizikhala m'galimoto momwemo. Kuchokera pamenepo oyilo wa injini ndi pa makilomita 5,000 aliwonse, filuta ya mpweya muziikuntha sabata iliyonse nyengo ya fumbi, ndipo kamodzi pa mwezi, ngakhale mu Okutobala, tsekani mahabu muyende makilomita angapo pa msewu wa dothi. Kuseri kwa mpando kusasowe khasu, chingwe cholimba, jeke ndi thabwa lochindikala loikira jekeyo pa matope.